Timapaipi Tiwiri Timene Attracta Anakana

Attracta Mulkerrin ndinakhala naye pa benchi imodzi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iye kumanja, ine kumanzere, mu kafakitale ka zipangizo za chipatala kuno ku Galway. Tonse tinkavala zofanana: chovala chotseka thupi lonse, kansalu kumutu, kena kukamwa, magolovesi m'manja. Ukamagwira ntchito utadzikuta chonchi, mnzako umamudziwira maso ndi kapumidwe. Attracta chinthu chikamusowetsa mtendere sankayankhula, ankangopumira m'mphuno mwamphamvu, ndipo ine ndinkadziwa kuti si nthawi yomufunsa nkhani za kunyumba.

Kwawo kunali ku Carna, kugombe la kumadzulo, kumene miyala imachuluka kuposa dothi. Anali woyamba mwa ana awiri a bambo Folan, msodzi. Mayi awo anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, choncho mlongo wake Festy, amene anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anamulera ndi iyeyo. Atakula anabwera m'tauni kudzalowa ntchito pa fakitale ya ulusi. Anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, nabereka mwana mmodzi wamkazi amene tsopano ali kutali kutsidya kwa nyanja, ku Perth. Mwamunayo anamwalira mwanayo asanamalize sukulu. Fakitale ya ulusi itatsekedwa, ambirife tinatengedwa ndi makampani a zipangizo za chipatala amene ankangophuka m'tauni muno masiku amenewo. Sankafunsa masatifiketi. Ankakupatsa singano ndi ulusi pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kumayang'ana ngati dzanja likunjenjemera. La Attracta silinkanjenjemera.

Ntchito yathu inali yolumikiza makatheta, timapaipi topyapyala timene dokotala amalowetsa mumtsempha wa magazi n'kumakankha pang'onopang'ono mpaka tikafike pamene pali vuto. Ife sitinali pa mzere waukulu wopanga zambirimbiri. Tinali anthu asanu m'kachipinda kopanga zoyesera: mainjiniya akajambula chinthu chatsopano, oyamba kuchipanga ndi manja tinali ife. Tsiku lonse maso pa maikulosikopu, kudontheza guluu wochepa ngati dzira la nsabwe, kupisa waya wochepa ngati tsitsi m'kapaipi kotalika ngati mkono. Kapaipi kamodzi kankatha kukudyera masiku awiri.

Chaka china kunabwera injiniya watsopano, Fintan Ruane, bambo wamtali wa ku Mayo, woyankhula mofulumira ngati akuthamangira sitima. Anatiitana tonse asanu, najambula mkono wa munthu pa bolodi. Anati munthu impso zikafa, magazi ake amasefedwa ndi makina katatu pa sabata, ndipo makinawo amafuna mtsempha waukulu, wolimba, woti n'kumabayapo singano zaka ndi zaka. Mtsempha wotero munthu sabadwa nawo. Madokotala amang'amba pamkono n'kusoka pamodzi mtsempha wochokera kumtima ndi wina wobwerera kumtima, kuti magazi amphamvu alowe mu wachiwiriwo, ukule. Polumikizapo amapatcha fisitula. Si matenda aja a amayi ovutika pobereka, ili ndi bowo lopanga dala. Koma mafisitula osoka ambiri amakanika: ena amatsekeka, ena sakula.

Chimene Fintan ankafuna n'kupanga bowolo osang'amba mkono. Timapaipi tiwiri, kena mumtsempha uwu, kena mu winawo, tonse tili ndi maginito kunsonga. Tikayandikana timakokana, mitsempha iwiriyo n'kugundana, kenaka kawaya ka magetsi kamatuluka mu kamodzi n'kuboola khoma lonse liwiri m'kuphethira kwa diso. Vuto linali loti mikono ya anthu si yofanana. Ena mitsempha yawo imagona moyandikana, ena imatalikirana, ena imakhota. Nchifukwa chake Fintan anaika kagudumu pa chogwirira. Dokotala akakazunguza, waya wamkati umakoka, nsonga imapinda, ndipo kawaya koboola kamatuluka pang'ono kapena kwambiri, malingana ndi mkono wa wodwalayo. Akamaliza amabweza kagudumuko, kawaya n'kubisala, ndiyeno n'kusolola kapaipi.

Attracta anamvetsera mpaka pamapeto. Pa tiyi ndi pamene anandiuza kuti Festy, mlongo wake uja, anali atatha kale chaka ndi theka pa makina osefa magazi. Zaka zonsezo tili limodzi ndinkadziwa kuti Festy ali ndi shuga, koma za impso anali asanandiuzepo.

Festy Folan sanakwatire. Ankakhala yekha m'nyumba ya makolo ku Carna, ndi boti lake, misampha ya nkhanu zam'nyanja, ndi nkhosa zingapo kuphiri. Madokotala anamusoka fisitula kudzanja lamanzere, inatsekeka pasanathe mwezi. Anasoka ina kumanja, sinakule. Zitatero anamuika kapaipi pachifuwa, pansi pa khosi, kolowa mumtsempha waukulu pafupi ndi mtima, kuti makina azilumikizidwa pamenepo. Kapaipi kameneka sikafuna madzi. Tizilombo tikalowera pamenepo timapita kumtima molunjika. Ndiye Festy analetsedwa kupita panyanja, analetsedwa ngakhale kusamba kwenikweni. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu galimoto ya chipatala inkamutenga m'mawa, ulendo wa ola ndi theka, maola anayi pa makina, ola ndi theka kubwerera. Tiyi makapu awiri patsiku basi. Mbatatesi zofunika kuzisenda, kuziduladula, kuziwiritsa, kutaya madzi, kuziwiritsanso, mpaka kukoma konse kutapita ndi madzi.

Attracta sankayendetsa galimoto, ndipo Lamulungu basi ya ku Carna inali yovuta, choncho ndinayamba kumamuperekeza kamodzi pa mwezi. Festy anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wa nthabwala zouma. Tsiku loyamba anatsegula batani la malaya kundionetsa bandeji yapachifuwa.

"Mwana wanga ndi ameneyu, a Philomena," anatero. "Sadya, salira, koma akanyowa amapha bambo ake. Ndinabadwira m'boti ine, lero ndikusamba ndi kansalu ngati mphaka."

Mchemwali wake anamuuza kuti atseke malaya, akuchititsa manyazi pamaso pa mlendo. Iye anayankha kuti kuyambira ali mwana sanavalepo malaya momwe Tracta amafunira. Ndi momwe ankamutchulira, Tracta.

Kapaipi ka Fintan kanatidyera zaka zitatu. Tinapanga mitundu yoposa makumi awiri. Wina maginito ankasomphoka, wina waya unkaduka pokhota, wina kagudumu kankalimba moti dokotala wina wobwera kudzayesa anati akufuna sipanala. Tinkayesa m'timachubu tagalasi, kenaka m'mikono ya pulasitiki yodzaza madzi ofiira, kenaka zinkatumizidwa kukayesedwa pa nkhosa. Ntchito yopisa waya wa kagudumu inagwera Attracta, chifukwa ndi yekhayo amene ankaupisa osaupinda. Fintan ankabwera pa benchi yathu tsiku lililonse, akumufunsa ngati chojambula chake n'chotheka. Nthawi zina Attracta ankangomubwezera pepalalo n'kunena kuti amene wajambula izi sanagwirepo guluu. Fintan ankaseka n'kupita kukajambulanso. Ankagwirizana awiriwo, ngakhale wina akanawamva akanayesa akukangana.

Chaka chachitatu chilolezo chinatuluka choti kapaipi kayesedwe pa anthu odwala khumi ndi awiri, asanu mwa iwo pa chipatala chimene Festy ankapita. Dokotala wake wa impso anamujambula mkono ndi makina, naona kuti pafupi ndi chigongono mitsempha idakali yabwino, koma yotalikirana pang'ono, mkono weniweni umene kagudumu kaja kanapangidwira. Analemba dzina lake. Attracta anakauza akuluakulu a kampani tsiku lomwelo kuti munthuyo ndi mlongo wake. Anakambirana sabata ziwiri, nagamula kuti palibe choletsa, popeza iye sanali m'gulu losankha odwala. Tsiku linaikidwa, sabata yachiwiri ya Meyi. Festy anayamba kupala boti lake ndi kulipaka utoto, atamanga pulasitiki pachifuwa.

Tinapanga timapaipi makumi anayi ta kagudumu. Kalikonse kanadutsa pa makina oyeza: kukoka kwa waya, kutalika kwa kawaya koboola, mphamvu ya magetsi. Timapaipi tonse tinakhoza. Kenaka timapaipito tinapita kukaphedwa tizilombo, n'kubwerako titamatidwa m'mapaketi oonekera. Lamulo linali loti womaliza kulumikiza azunguze kagudumu katatu kudzera papaketi, aone kuti kakuyenda, asaine. Linali Lachisanu chakumasana, mu Epulo. Ine ndinali pa ntchito ina pambali pake pamene ndinamva kupuma kwa m'mphuno kuja.

Attracta anali atapatula mapaketi awiri. Anandipatsa limodzi kuti ndizunguze. Ndinazunguza kupita, kubwerera, katatu. Sindinamve kanthu. Anandipatsa lina la pa mulu wabwino, ndipo kwa ine zinali chimodzimodzi. Iye anati pobwerera, chakumapeto, pali kugwira kwina kochepa kwambiri, ngati singano ikakhudza mfundo ya ulusi. Anaitana Fintan. Fintan anazunguza, natseka maso, nazunguzanso. Sanamve kanthu. Anapita nawo pa makina oyeza, manambala anatuluka abwinobwino, mkati mwenimweni mwa malire. Anamuuza mofatsa kuti pepala likuti timapaipi tonse takhoza, ndipo ngati akufuna angochotsa tiwirito, totsalato n'tokwanira odwala onse.

Belu la tiyi linalira. Tinavula zovala zathu zantchito n'kukakhala kukantini pafupi ndi windo. Attracta sanakhudze sikono yake. Ndinamuuza zimene mnzake aliyense akanamuuza, kuti makina avomera, injiniya wavomera, achotse tiwirito asaine, apite kwawo.

"Ndikachotsa tiwirito ndiye kuti ndavomera kuti ndikudziwa vuto lake," anatero. "Sindikulidziwa, Phil. Tonse makumi anayi ndapanga ndine, guluu mmodzi, waya mmodzi, sabata imodzi. Tiwiriti tangofulumira kundiuza."

Ndinamufunsa ngati akudziwa chimene chichitike akalemba kapepala kofiira. Kapepala kofiira kakalembedwa, palibe bwana amene angakang'ambe, mulu wonse umaima mpaka chifukwa chipezeke. Anati akudziwa. Ndinatchula dzina la Festy. Anandiyang'ana, nanena kuti pa mndandanda pali anthu khumi ndi awiri, ndipo khumi ndi mmodziwo ali ndi achemwali awonso, kungoti sagwira ntchito pano. Titabwerera anatenga kapepalako n'kulemba ndi zilembo zake zazikulu za kusukulu ya masisitere. Analakwitsa deti, nafufuta, nalembanso.

Lolemba Fintan anatsegula mapaketi awiriwo. Anaviika timapaipi m'madzi ofunda ngati magazi a munthu, titapindidwa monga timapindikira m'mkono, kwa theka la ola. Koyamba kanayenda bwino. Kachiwiri, pa kuzunguza kwachisanu, kawaya koboola kanatuluka n'kukana kubwerera. Kagudumu kankazungulira, kawaya kali chilili panja. Fintan anakhala pansi. Tonse tinadziwa tanthauzo lake: dokotala akanasolola kapaipi kotero, kakanang'amba mtsempha kuchokera pachigongono mpaka potulukira. Atayesa tina khumi ta pa mulu wabwino uja, kamodzi kanachitanso zomwezo. Chifukwa chake chinadzapezeka patapita sabata zitatu: kachubu kamkati kodutsamo waya kankafota pang'ono ndi kutentha kwa kophera tizilombo, ndipo kakalowa m'madzi ofunda kankafinya wayayo. Panafunika kachubu ka mtundu wina, kuyesanso zonse kuyambira pachiyambi, ndi kupemphanso chilolezo. Anati miyezi isanu ndi umodzi. Inakwana khumi ndi umodzi.

Attracta anapempha dokotala kuti asamuimbire Festy, akamuuza yekha. Lamulungu ndinamuperekeza. M'njira anangondiuza kuti ndichepetse liwiro pa nkhosa zogona mumsewu. Boti linali pabwalo, mbali imodzi yabuluu watsopano, ina isanapakidwe. Tinamupeza Festy pa sinki akutaya madzi oyamba a mbatatesi. Attracta anayamba m'Chiairishi, chinenero cha kwawoko, chimene ine ndimangomva patalipatali, kenaka anatembenukira ku Chingelezi, mwina pofuna kuti ndikhale mboni. Anafotokoza zonse mwadongosolo ali chiimire, chikwama chili m'manja. Festy anamvetsera atapereka msana.

"Tingati?" anafunsa.

"Tiwiri poyamba. Kenaka kanapezeka kena."

"Mwa makumi anayi."

"Eya."

"Ine ndimafuna kamodzi kokha, Tracta."

"Ndikudziwa. Sindikanadziwa kuti kako ndi kati."

Festy anathira madzi ena mumphika, nauika pamoto. Anafunsa ngati makina ndi amene anakana, iye anati makina anavomera. Anafunsa za injiniya, iye anati injiniya sanamve kanthu.

"Ndiye iwe wekha."

"Ine ndekha."

Festy anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Kuyambira ndili mwana. Makutu anga, nsapato zanga, makope anga a sukulu. Sunaonepo chinthu n'kungochisiya chipite."

Mbatatesi zitapsa anapakula mbale zitatu, ndi nsomba yowiritsa yopanda mchere, tinadya. Anandifunsa za mpira, za mitengo ya nyumba m'tauni. Potsanzikana anandigwira chanza, mchemwali wake anangomukwezera chibwano. M'galimoto Attracta anati zayenda bwino kuposa mmene amaganizira, kenaka anayang'ana kuwindo mpaka tinafika.

Miyezi yotsatirayo ankapitabe ku Carna, koma Festy ankakonda kupezeka ali kuphiri kwa nkhosa. Ankasiya chitseko chosakhoma ndi ketulo pamoto. Attracta ankachapa, kusesa, kusintha zofunda, n'kusiya buledi patebulo. Kuntchito anthu ankamuyamikira. Akuluakulu anamupatsa chikho chagalasi pa msonkhano wa antchito onse, nanena kuti wapulumutsa miyoyo ndi kampani yomwe. Iye anachilandira, nathokoza, n'kukachiika m'kabati ya zovala zantchito, kuseri kwa nsapato. Chinakhala momwemo mpaka tsiku limene anapuma ntchito.

Mu Novembala Festy anayamba kunjenjemera ali pa makina. Tizilombo tinali titalowera pa kapaipi kapachifuwa kaja. Palibe amene anganene kuti tinalowa liti kapena bwanji. Anthu okhala ndi kapaipi kotero nthawi yaitali zimawachitikira, ngakhale osamala kwambiri, ndipo Festy sanali wosamala kwambiri. Anagona m'chipatala sabata zisanu ndi imodzi. Attracta ankaweruka n'kukwera basi yopita komweko tsiku lililonse. Anachira, koma tizilomboto tinasiya titawononga kachitseko kena ka mumtima. Kuyesa kapaipi katsopano kutayamba mu Malichi, malamulo ake sankalola munthu wa mtima wotero. Dzina lake linachotsedwa, malo ake anapatsidwa munthu wina.

Ndinamufunsa Fintan tsiku lina ngati Festy akanapewa matendawo akanalandira fisitula mu Meyi muja. Fintan sanali munthu wonama. Anati fisitula ikanakhwima pofika Ogasiti, kapaipi kapachifuwa kakanachotsedwa, ndiye mwina eya. Anatinso mwina akanagwera kapaipi kokanirira kaja, kapena fisitulayo ikanakanika ngati ziwiri zoyamba zija. Anati nkhaniyi amaiganiza kawirikawiri, chifukwa kachubu kofota kaja anakasankha ndi iyeyo. Attracta sanafunsepo funso limeneli kwa wina aliyense, ine ndikumva.

Madokotala anadzamusokerera Festy kachubu ka pulasitiki kumtunda kwa mkono, m'malo mwa fisitula. Kanagwira ntchito, ngakhale kankatsekeka kawirikawiri. Kapaipi kapachifuwa kanachotsedwa ndipo anayambanso kusamba, koma mphamvu zokoka misampha zinali zitatha. Akakwera kachitunda kakuseri kwa nyumba ankaima kawiri. Boti analigulitsa kwa mwana wa msuweni wake, nkhosa anatsala nazo zisanu. Chodabwitsa n'chakuti atadwala chonchi ndi pamene anasiya kuthawa mchemwali wake. Mwina kuphiri kunamutalikira. Lamulungu tinkamupeza pampando pafupi ndi windo, akutidikira ndi madandaulo okonzeratu: buledi wa sabata yatha anali wouma, Tracta wabisa kuti lumo lake, anamwino atsopano sadziwa kubaya.

Patapita chaka ndi miyezi, Lachitatu lina, Festy anaimba foni kufakitale, chinthu chimene anali asanachitepo. Anauza Attracta kuti apemphe chilolezo abwere kuchipatala nthawi ya nkhomaliro, ndipo asafunse zambiri. Iye anachita mantha, ine ndinamuthamangitsira komweko. Tinamupeza ali bwinobwino pampando wake, machubu ofiira akuyenda kupita ku makina. Pampando woyandikana naye panali mayi wina wachikulire wa ku Tuam, dzina lake Bernadette Keaveney, amene anagwira ntchito ku positi ofesi moyo wake wonse. Mayiyu ndi mmodzi mwa khumi ndi awiri aja. Anali atangosinthidwa masiku, n'kupezeka akukhala pafupi ndi Festy.

"A Bernie, uyu ndi amene ndimakuuzani uja," anatero Festy. "Amene anakupangirani kanthu kanuko. Amenenso anandimana ine. Muonetseni mkono."

Mayi Keaveney anatambasula mkono, naloza pansi pa chigongono, pamene panalibe singano. Panalibe chipsera cha mpeni, timadontho tiwiri tokha tofanana ndi polumidwa ndi udzudzu. Festy anauza mchemwali wake kuti aike zala pamenepo. Attracta anazengereza, nayang'ana namwino, namwino anamupatsa mankhwala opaka m'manja n'kugwedeza mutu. Anaika zala ziwiri. Fisitula yamoyo imanjenjemera pansi pa khungu, ngati mphaka amene akuliza mkonono pamiyendo pako. Zaka zonsezo tinkamva mainjiniya akunena za kunjenjemera kumeneku, koma palibe mwa ife a pa benchi amene anali atakukhudzapo. Attracta anakhala zala zili pomwepo nthawi yaitali, mpaka mayiyo anafunsa ngati wapeza cholakwika.

"Musamupatse mpata, a Bernie," anatero Festy. "Akapeza kanthu akutsekerani mkono wonse miyezi khumi ndi umodzi."

Attracta anachotsa zala, nauza mayiyo kuti palibe cholakwika, ikuyenda bwino. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wake n'kumufunsa chifukwa chake wabwera kuchipatala ndi malaya a dzulo. Pobwerera kuntchito anandiuza kuti ndiime pamalo ena pambali pa ngalande. Anatsika, naima kuyang'ana madzi mphindi zingapo, nabwerera m'galimoto. Tinachedwa ndi kotala la ola, ndipo anakalemba yekha m'buku kuti tachedwa.

Festy anakhala zaka zina ziwiri. Anamwalira ndi mtima m'mawa wina wa Seputembala, ali m'galimoto ya chipatala, asanafike ndi ku Maam Cross komwe, pakati pa njira. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi. Anaikidwa ku Carna pafupi ndi makolo ake, ndipo asodzi anzake ananyamula bokosi kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, osalola galimoto. Fintan anabwera, naima kumbuyo kwenikweni, mutu wake ukuonekera pamwamba pa anthu onse.

Kapaipi kaja kanadzaloledwa kugulitsidwa, ndipo pasanapite nthawi kampani yathu inagulidwa ndi ina yaikulu. Ntchito yopanga anaisamutsira kudziko lina. Attracta anatumizidwa kumeneko sabata zinayi kukaphunzitsa amayi a kumeneko kupisa waya, ulendo wake woyamba wautali pa ndege. Anabwerako akunena kuti manja awo ndi abwino kuposa athu, koma tiyi sadziwa kupanga. Pa zikalata za umwini wa kapaipiko pali mayina anayi, la Fintan ndi a anzake atatu. La Attracta palibe, ndipo sindinamumvepo akudandaula. Chimene chilipo n'chakuti m'malangizo opangira muli ndime youza wolumikiza kuti aviike kapaipi kamodzi mwa khumi m'madzi ofunda n'kuzunguza kagudumu kakhumi. Ndime imeneyo kale kunalibe.

Anapuma ntchito chaka chotsatira, maso atayamba kutopa ndi maikulosikopu. Mwana wake anamuitana kuti akakhale ku Perth, anapita miyezi itatu n'kubwerako, akuti dzuwa la kumeneko limamupweteka mutu. Nyumba ya m'tauni anaisiyira alendi, iye n'kubwerera ku Carna. Amaimba kwaya ya tchalitchi, ndipo Lachinayi amathandiza kuphikira nkhalamba kuholo ya m'mudzi, ngakhale ena mwa nkhalambazo ndi anzake a kalasi imodzi.

Ndinapitako chilimwe chathachi. Tinakhala panja pa khoma la miyala, mphepo ili yochepa mwachilendo. Tinakamba za anzathu a pa benchi, amene anamwalira, amene ali ndi zidzukulu. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinamufunsa ngati akanalembanso kapepala kofiira kaja atabwezedwa pa Lachisanu lija. Sanakwiye. Anaganiza kaye, ngati mmene ankachitira Fintan akamubweretsera chojambula.

"Ndikanalemba," anatero. "Zimenezo sizindivuta. Chimene chimandivuta n'chakuti sindinazengereze kwambiri. Tiyi mmodzi basi. Festy ndi mwana amene ndinamulera ndekha, ndimayesa ndikanavutika nazo sabata yathunthu."

Ndinamuuza kuti ndinalipo, ndinaona mmene anavutikira. Anagwedeza mutu, posavomera komanso posakana. Kenaka anaimirira, nati mvula ibwera isanakwane faifi, ndimuthandize kuanula zovala ndisananyamuke, ndipo nditengeko mazira chifukwa nkhuku zake zikuikira kuposa mmene munthu mmodzi angadyere.